Chingwe cha Mbuzi M'kati mwa Selo: Momwe Thupi Limadziletsera Khansa

Kuyambira mu Novembala 2021, pamene boma la Mozambique linayamba kubaya katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kwa atsikana a zaka 9, pali funso limene silikutha kuno ku Angónia. Ine ndinalimva koyamba pachigayo, kwa mayi wina amene mwana wake anali atangobayidwa kusukulu. "Aphunzitsi, chikuku timachidziwa, mwana amatengera kwa mnzake, ndiye katemera wake timamumvetsa. Nanga khansa imayenda ndi mphepo? Katemera wa khansa ndiye ngwotani?"

Mayiyo sanalakwitse. Khansa sipatsirana, ungadye mbale imodzi ndi wodwala kwa chaka chonse. Tsikulo ndinayankha mothamanga chifukwa mgaiwa wanga unali utayamba kutuluka. Yankho lonse ndi lalitali, ndipo limatilowetsa m'kati mwa selo, mmene muli mapuloteni amene ntchito yawo ndi kugwira anzawo dzanja kuti asachite zinthu nthawi isanakwane. M'mabuku a Chingerezi amatchedwa tumor suppressors, ana a sukulu zathu amawawerenga m'Chipwitikizi kuti supressores tumorais. Ife tiwatche alonda.

Buku limodzi, masamba osiyana

Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni. Selo ndi kachipinda kamoyo kosaoneka ndi maso, ndipo pakati pake pamakhala DNA, ulusi wa malangizo wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mutauwongola ulusi wa selo limodzi ungatalike pafupifupi mamita 2, koma unakulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromosomu, 23 yochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Pa ulusiwo pali majini pafupifupi 20,000. Ndifulumire kunena, poti ndinawaonapo agogo ena atatong'ola maso m'kalasi ya akuluakulu: awa si majini aja ogwira anthu. Jini ndi tsamba limodzi la malangizo opangira puloteni imodzi. Puloteninso pano si nkhani ya nyemba ndi soya chabe. Mapuloteni ndiwo antchito a m'selo, ena amanga, ena anyamula, ena aphwanya, ena alamula.

Selo la chiwindi ndi selo la diso ali ndi buku limodzimodzi. Chimawasiyanitsa ndi masamba amene lililonse latsegula. Bukulo silichoka m'chipinda chake. Zili ngati kaundula wa kubadwa ku Registo Civil: simupita nalo kwanu buku lija, amakukoperani tsamba lanu lokha. M'selo, tsamba lokopedwalo ndi RNA, ndipo ndilo limapita kumene amapangira mapuloteni.

Ndani amasankha tsamba loti likopedwe lero? Ndi mapuloteni otchedwa transcription factors, amene mwa munthu alipo pafupifupi 1,600. Aliyense amazindikira kachizindikiro kake ka zilembo zochepa pafupi ndi jini, n'kukhalapo, n'kuitana makina okopera. Tiwatche otsegula masamba. Mmodzi angatsegule masamba mazana nthawi imodzi, choncho amene wagwira wotsegula masamba mmodzi wagwira ntchito yaikulu yonse. Alonda ambiri otchuka amagwira pamenepa.

Mbuzi ya m'dzinja

Selo lisanagawike kukhala awiri liyenera kukopera DNA yake yonse, zilembo mabiliyoni 3 za kwa mayi ndi zina 3 za kwa bambo. Masamba a zipangizo za ntchito imeneyi amatsegulidwa ndi banja la otsegula masamba lotchedwa E2F. E2F si mdani. Popanda iye mwana sakula, bala silipola, magazi satsitsimuka. Ali ngati mbuzi: ndi chuma, koma m'dzinja chimanga chili m'munda mbuzi imakhala pachingwe, imatayiriridwa anthu akakolola. Mbuzi yomweyo imene mu Julayi ikudya mapesi mwamtendere, mu Januwale ingakutengereni kubwalo la amfumu.

Chingwe cha E2F ndi puloteni yotchedwa Rb. Rb amamugwira E2F ali pa DNA pomwepo, n'kuphimba mbali imene E2F amaitanira makina okopera. Sathera pamenepo. Amaitananso mapuloteni ena amene amakulunga ulusi wa pamalopo mothina, mwakuti tsambalo silimangosiyidwa, limachita kumatidwa. Maselo ambiri a munthu wamkulu amakhala choncho, ena kwa moyo wonse.

Kumasula kwake kuli ndi ndondomeko. Mukadzitema ndi khasu, maselo a pafupi ndi bala amalandira uthenga wochokera kunja woti pakufunika maselo atsopano. Uthengawo umapangitsa selo kupanga puloteni yotchedwa cyclin D, imene imagwirizana ndi CDK4 kapena CDK6. Awiriwa akaphatikana amakhala chidindo: amamata timagulu ta fosifeti pa Rb. Rb ali ndi malo oposa 12 odindapo, ndipo zidindo zikachuluka amasintha kaumbidwe, dzanja lake n'kulefuka. E2F akangomasuka pang'ono, limodzi mwa masamba amene amatsegula ndi la cyclin E, amene pamodzi ndi CDK2 amadinda Rb mowonjezera. Kumasuka kumabala kumasuka kwina, mpaka selo silifunanso uthenga wakunja uja. Katswiri wina, Arthur Pardee, anafotokoza malire amenewa mu 1974, Rb asanadziwike n'komwe. Amafanana ndi lole ya pa Zóbuè: ingaime masiku kudikira mapepala, koma chidindo chomaliza chikagwa, chipata n'kutseguka, yapita. Selo likamaliza kugawika, mapuloteni ena amafufuta zidindo zija, ndipo m'maselo awiri atsopanowo Rb amagwiranso E2F.

Chidindocho chilinso ndi wochiyang'anira, mlonda wina wotchedwa p16, amene amakakamira CDK4 ndi CDK6 kuti asadinde. Mukaona mzerewu, muona kuti mbuzi ingalowe m'munda m'njira zitatu. Chingwe chingaduke, Rb akasowa. Chidindo chingapenge, cyclin D akachuluka mopitirira. Kapena p16 angasowe, chidindo n'kumagwa popanda woletsa. Akatswiri akafufuza zotupa za khansa zosiyanasiyana amapeza kuti zambiri zili ndi chimodzi mwa zitatuzi, ndipo kawirikawiri chimodzi chokha. Wakuba akadula chingwe safunikanso kuzula chikhomo.

Diso lowala ngati la mphaka

Dzina la Rb linachokera ku retinoblastoma, khansa ya m'diso ya ana aang'ono, ambiri osakwana zaka 5. Imagwira mwana mmodzi mwa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa. Chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri amachiona ndi mayi kapena wojambula: kamwana ka diso kamaoneka koyera, kowala ngati diso la mphaka usiku, makamaka pa chithunzi cha foni chojambulidwa ndi kuwala. Ng'ala ya ana imaonekanso choncho, ndipo zonse ziwiri ndi za kuchipatala cha maso sabata yomweyo. Ikapezeka idakali m'diso, ana ambiri amachira.

Mu 1971, dokotala wina wa ku Houston ku America, Alfred Knudson, anakhala pansi ndi mafailo a odwala 48. Analibe makina owerengera DNA, anali ndi masamu okha. Anaona kuti ana amene khansayi inawagwira maso onse awiri inkawayamba akadali makanda, ndipo ambiri ankakhala ndi zotupa zingapo. Amene inawagwira diso limodzi inkawayamba mochedwerapo, chotupa chimodzi. Iye anati zimenezi zimveka ngati khansayi imafuna ngozi ziwiri m'selo limodzi. Ana a gulu loyamba anabadwa ngozi yoyamba itachitika kale m'maselo awo onse, ndiye pa maselo mamiliyoni a m'diso yachiwiri siichedwa kupezeka. Ana a gulu lachiwiri anafunika tsoka lophatikiza, ngozi ziwiri zonse kugwera selo limodzi.

Patapita zaka 15, mu 1986, Stephen Friend, Robert Weinberg ndi Thaddeus Dryja a ku Boston analipeza jinilo pa kromosomu 13. Linali jini loyamba kuzindikirika kuti ndi la mlonda, ndipo ngozi ziwiri za Knudson zinamveka: tili ndi makope awiri a jini lililonse, la kwa mayi ndi la kwa bambo. Mbuzi ili ndi zingwe ziwiri. Chimodzi chikaduka, chinacho chimagwirabe.

Apa ndi pamene pali tanthauzo la mawu oti khansa ina ndi ya kumtundu. Mwana satengera khansa yeniyeniyo, amatengera chingwe chimodzi choduka kale, ndipo kholo limene lili nacho limapatsira pafupifupi theka la ana ake. Chingachokere kuchimuna kapena kuchikazi mofanana. Pamaliro timamva mbali ziwiri zikulozana zala, awa akuti za kwanu, awo akuti za kwanu, koma kromosomu 13 sidziwa za chikamwini kapena chitengwa.

Mlonda amene amaphedwa tsiku lililonse

Mlonda wachiwiri ndi wodabwitsa, chifukwa iye mwini ndi wotsegula masamba. Dzina lake ndi p53. Anapezeka mu 1979 ndi magulu angapo, mwa iwo David Lane ndi Lionel Crawford ku London, komanso Daniel Linzer ndi Arnold Levine ku Princeton. Kwa zaka pafupifupi 10 akatswiri ankamuyesa woyambitsa khansa, poti ankamupeza atadzaza m'maselo a zotupa. Anali ngati munthu amene amapezeka pamoto uliwonse wa m'mudzi, anthu n'kumati ndiye wotentha, pamene mnzanuyo amabwera ndi ndowa. Chinasokonezanso n'chakuti makope amene ankayesera m'malabotale anali opunduka kale. Mu 1989 gulu la Bert Vogelstein ku Baltimore linaonetsa kuti m'khansa ya m'matumbo makope onse awiri a jinili, limene lili pa kromosomu 17, amakhala atawonongeka, monga zinalili ndi Rb. Lero tikudziwa kuti jini la p53 ndi lopunduka m'pafupifupi theka la khansa zonse za anthu. Palibe jini lina lofika pamenepo.

Selo labwinobwino limapanga p53 usana ndi usiku, n'kumamuwononga pasanathe theka la ola. Wochita zimenezi ndi MDM2, amene amamumata kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, ndipo puloteni iliyonse yomatidwa mndandanda wa kachizindikiroka imapita ku chigayo cha m'selo kukaphwanyidwa. Poyamba izi zimaoneka ngati kuwononga mphamvu. Koma ganizani za moto wa m'khitchini. Amene amasiya khala likunyeka pansi pa phulusa amaphika msanga kuposa wopita kukapala moto kwa aneba. DNA ikangowonongeka, kaya ndi dzuwa, utsi kapena poizoni, mapuloteni ozindikira ngozi amadinda p53 mwakuti MDM2 amalephera kumugwira. Kupanga kunali kale m'kati, kwangoima ndi kuwononga, choncho p53 amachuluka msangamsanga.

Akachuluka amagwirana anayianayi n'kukhala pa DNA. Tsamba loyamba kutsegula ndi la p21, puloteni imene imatseka zidindo za CDK. Zidindo zikaima, Rb sataya E2F, selo n'kuima pamalire. Alonda awiriwa akumana pamenepa. Kenako p53 amatsegula masamba a okonza DNA. Ngati kuwonongeka kwapitirira, amatsegula masamba ena, monga PUMA ndi BAX, amene amaboola mosungira mphamvu za selo, ndipo selo limadzipha mwadongosolo, anzake n'kudya zotsala. Mlimi amene wazula phata limodzi la fodya lodwala kuti munda upulumuke amvetsa. Limodzi mwa masamba amene p53 amatsegula ndi la MDM2 yemweyo, womupha uja, kuti ngozi ikatha iye atsikenso.

Pali kachingwe kenanso kolumikiza alonda awiriwa, kamene ine ndimakakonda kuposa zonse m'nkhaniyi. E2F akamasuka mopitirira muyezo, mwa masamba amene amatsegula muli la ARF. Ntchito ya ARF ndi kugwira MDM2. MDM2 akagwidwa, p53 amadzuka. Ndiye kuti mbuzi yodula chingwe imathamanga ndi belu m'khosi, ndipo belulo ndilo limadzutsa mlonda wachiwiri. N'chifukwa chake selo longotaya Rb yekha nthawi zambiri limafa m'malo mosanduka khansa. Choopsa n'chakuti ARF ndi p16 amalembedwa pa kachigawo kamodzi ka kromosomu 9, zilembo zina n'zomwezo koma zowerengedwa moyambira posiyana. Kachigawoko kakathothoka, selo lataya woyang'anira chidindo ndi belu tsiku limodzi.

Njovu za ku Mágoè zili ndi maselo ochuluka kwambiri kuposa ife, ndipo zimakhala zaka 60 kapena kuposerapo, koma sizifa ndi khansa mochuluka monga masamu angayembekezere. Mu 2015 akatswiri anaonetsa kuti njovu ya mu Africa ili ndi jini la p53 malo pafupifupi 20, pamene munthu ali nalo malo amodzi, ndipo maselo ake amadzipha msanga DNA ikawonongeka. Mwina si chifukwa chokhacho, koma ndi chimene chinayezedwa.

Alonda ena amachita monga MDM2, koma mbali yabwino: amapha wotsegula masamba mosalekeza mpaka atafunika. M'matumbo, APC amathandiza kuwononga beta-catenin, amene akachuluka amalowa kwa DNA kukatsegula masamba a kukula, ndipo khansa zambiri za m'matumbo akulu zimayamba APC akawonongeka. Mu impso, VHL amamata ubiquitin pa HIF, wotsegula masamba amene amadzuka mpweya ukachepa, nthawi zonse pamene okosijeni alipo wokwanira. VHL akasowa, selo limakhala ngati likubanika pamene mpweya ulipo, n'kumaitanitsa mitsempha yatsopano ya magazi yodyetsa chotupa. William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha nkhani ya HIF imeneyi.

Tibwerere pachigayo

HPV ndi kachilombo kakang'ono kwambiri, ka zilembo pafupifupi 8,000 zokha. Kamafala pogonana, ndipo anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa. Kalibe makina akeake okopera DNA, kamadalira a selo. Vuto lake n'lakuti maselo a pakhomo la chiberekero akamakwera kupita pamwamba amasiya kugawika, Rb wagwira E2F, makina atsekeredwa. Kachilomboka kali ndi mapuloteni awiri a ntchito imeneyi. E7 amakakamira Rb pamalo amene amamuchititsa kutaya E2F, n'kumutumiza kuchigayo. Mbuzi yamasuka, belu lalira, p53 wadzuka. Pamenepo E6 amabwereka puloteni ina ya selo lomwelo n'kumata ubiquitin pa p53, nayenso ulendo wa kuchigayo. Za E7 ndi Rb zinaonetsedwa mu 1989, za E6 ndi p53 mu 1990. Ngozi zimene selo likanadikira zaka zambiri kuti zigwe paokha, kachilombo kamabwera nazo zonse m'thumba.

Kachilomboka sikafuna khansa, kamangofuna kuchulukana, ndipo mwa anthu 9 pa 10 alionse chitetezo cha m'thupi chimakachotsa pasanathe zaka 2. Mwa ochepa kamakhalitsa, nthawi zina DNA yake n'kusokerera m'kromosomu ya selo, E6 ndi E7 n'kumapangidwa mosalekeza. Selo lopanda alonda awiri limagawika ndi zolakwa zake, zolakwazo n'kumaunjikana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuchoka pamenepo kufika pa khansa pamatenga zaka 15 mpaka 20, koma kwa mayi amene chitetezo chake chafooka zingakhale 5 mpaka 10, ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo choposa anzawo ka 6. Ku Mozambique khansa ya khomo la chiberekero ndiyo yochuluka kuposa zonse mwa amayi. Mitundu ya HPV ilipo yambirimbiri, ina yongoyambitsa njerewere, koma iwiri, 16 ndi 18, imene Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anaipeza m'zotupa mu 1983 ndi 1984, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansayi.

Yankho la mayi uja ndi limeneli: khansa sipatsirana, koma chimene chimachotsa alonda a pakhomo la chiberekero chimapatsirana. M'katemera muli chikhokho cha kachilombo chokha, puloteni ya kunja yotchedwa L1, mopanda DNA, mopanda E6 kapena E7. Thupi limaphunzira nkhope ya chikhokhocho n'kukonzeratu asilikali otsekereza kachilombo kenikeni kasanalowe m'selo. Kakalowa kale, katemerayu sakatulutsa, ndipo n'chifukwa chake amabaya ana a zaka 9 osati amayi a zaka 40. Abale athu a kutsidya kwa Calómuè, ku Dedza ndi Ntcheu, anayamba mu Januwale 2019 ndi msinkhu womwewo. Za mantha oti katemerayu amatseka mimba, komiti ya WHO yoona za chitetezo cha akatemera inaunika nkhaniyi ndipo sinapeze umboni wotero. Zoti mwana abayidwe kapena ayi kholo lililonse limaganiza lokha, ine ndanena zimene zili m'botolo.

Katemera sakhudza mitundu yonse yoopsa, choncho kuyezetsa kukadalipo. Namwino akapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo amene maselo ayamba kusintha amayera kwa kanthawi, ndipo angawotchedwe kapena kuumitsidwa ndi kuzizira asanasanduke khansa. Kanyama kakatumizidwa ku labotale, chimodzi mwa zimene amayang'ana ndi p16. M'maselo amene E7 wachotsa Rb, p16 amachuluka kwambiri, akulimbana ndi kutseka chidindo pamene chingwe chinapita kalekale. Kulimbikira kwake kopanda phinduko ndiko kumaulula kuti m'selomo mwalowa mlendo.

Khansa ya Kaposi, ya mabanga akuda pamiyendo ndi m'kamwa imene tinaiona kwambiri ma ARV asanafike, nayo ili ndi kachilombo kake, kopezeka mu 1994, ndipo puloteni yake ina imakakamira alonda awiri omwewa.

Chilembo chimodzi, ndi mtedza wa m'nkhokwe

Dziko lathu linalowa m'mbiri ya p53 kudzera pa chiwindi. Madokotala anali atadziwa kale kuti kumwera kwa Mozambique, makamaka ku Inhambane, khansa ya chiwindi inali yochuluka modabwitsa, ikupha amuna achinyamata, ena a iwo ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Mu 1991 magulu awiri a akatswiri anawerenga jini la p53 m'zotupa za chiwindi, lina kwa odwala a kumwera kwa Africa, ena a iwo a ku Mozambique, lina kwa odwala a ku Qidong ku China. Anthu otalikirana choncho, koma ambiri anali ndi cholakwa chimodzimodzi pamalo amodzimodzi. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda, mkanda uliwonse wolembedwa ndi zilembo zitatu za DNA, ndipo ya p53 ili ndi mikanda 393. Pa mkanda wa 249, zilembo AGG zinasanduka AGT. Chilembo chimodzi, ndipo p53 wotero sathanso kukhala bwino pa DNA. Poti amagwira ntchito anayianayi, wopunduka mmodzi angalemaze gulu lonse ngakhale kope lina lidakali labwino. Lamulo la zingwe ziwiri lija pano limapindika.

Chimene anthu a malo awiriwa ankafanana ndi chakudya chochita chuku. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino n'kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Chiwindi, poyesa kumusungunula kuti atuluke, chimamusandutsa chinthu chomata pa chilembo G cha DNA, ndipo pokopera G uja amasanduka T. Munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B kokhalitsa m'chiwindi, ziwirizi zimachulukitsana. Katemera wa hepatitis B ali kale m'gulu la akatemera a makanda kusikelo.

Izi si za ku Inhambane kokha. Ku Macanga, ku Chifunde ndi kuno timalima mtedza ndi chimanga, ndipo tili ndi zizolowezi zimene chuku chimakondwera nazo: kuyanika pa dothi, kuthira m'matumba zisanaumitsitse poopa akuba, kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kasankhidwe. Wabwino timagulitsa, wosweka ndi wonyala timasiya kuti tisinjire ndiwo, ndipo poizoni amachuluka mwa wotsalayo. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumutha aflatoxin, ndipo mtedza ungakhale naye osaoneka chuku ndi maso. Utsi wa fodya nawo uli ndi siginecha yake: mu 1996 zinaonetsedwa kuti benzopyrene wa muutsi amamata pa malo omwewo a jini la p53 amene amapezeka opunduka m'khansa ya m'mapapo.

Bwanji osangobwezera mlondayo?

Ophunzira anga amafunsa zimenezi chaka chilichonse. Mankhwala amatha kutseka chinthu chimene chikugwira ntchito mopitirira, koma kubwezera chimene chasowa, m'selo lililonse la chotupa, ndi nkhani ina. Njira imene yatheka ndi yozungulira. Mankhwala otchedwa palbociclib, ovomerezedwa ku America mu 2015 pa mtundu wina wa khansa ya m'mawere, amagwira ntchito ya p16, amatseka CDK4 ndi CDK6 kuti Rb asadindidwe. Amathandiza pokhapokha Rb akadalipo, ndipo zotupa zina zimawapulumuka potaya Rb yemweyo. Belzutifan, wovomerezedwa mu 2021 kwa anthu obadwa ndi VHL wopunduka, samukonza VHL, amapita kukagwira HIF mwachindunji. Onsewa ndi okwera mtengo kwambiri. Za p53, ngakhale papita zaka zoposa 40 chipezekereni, kuyesa mankhwala omuwongola kapena otsekereza MDM2 kukupitirirabe.

Khansa ya khomo la chiberekero ili ndi chake chosiyana. M'zotupa zambiri zoyamba ndi HPV, majini a Rb ndi p53 ndi abwinobwino. Masamba ali bwino, selo likupangabe alonda ake, kungoti E6 ndi E7 akuwawononga akangopangidwa. Pali maselo otchuka m'malabotale a dziko lonse otchedwa HeLa, amene anatengedwa mu 1951 ku Baltimore pa chotupa cha mayi wina wachikuda, Henrietta Lacks, iye osauzidwa. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho, koma maselo ake, amene ali ndi HPV 18, akugawikabe mpaka lero. Mu 2000, Edward Goodwin ndi Daniel DiMaio a ku yunivesite ya Yale anatseka masamba a E6 ndi E7 m'maselo amenewa. Zinachitikira m'mbale ya galasi, osati m'thupi la munthu, ndipo sizinasandukebe mankhwala a kuchipatala. Koma m'mbalemo p53 anachulukanso, p21 anapangidwa, Rb anagwira E2F, ndipo maselo amene anali atagawika mosapuma kwa zaka 49 analeka kugawika m'masiku ochepa.